Makilo 9 abwerera, ndipo mwasiya kupita kuchipatala

Kalata iyi inafika pa imelo Lachiwiri ndili pa ntchito, ndipo mpaka pano ndaiwerenga kanayi. Yachokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Johannesburg. Akuti anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ija amati sleeve, zaka zitatu zapitazo. Anatsika makilo 41, koma chaka chino makilo 9 abwerera. Akufunsa kuti, "Kodi chifu changa chatanuka? Kodi ndalama zonse zija ndangotaya m'madzi?" Kenaka kumapeto kwenikweni, ngati kanthu kokumbukira mochedwa, alemba kuti patha chaka ndi theka osapondako kuchipatala chifukwa akuchita manyazi kukwera sikelo pamaso pa adokotala.

Achemwali, za makilo 9 tikamba. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi mawu omalizawo. Ine ndinachita zomwezo, ndipo zala ziwiri za phazi langa lamanzere mpaka lero sizimva kanthu.

Ndinafika kuno ku England ndili ndi thupi lapakatikati, n'kuyamba ntchito yosamalira anthu okalamba, usiku, maola 12. Amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa mmene 3 koloko m'bandakucha imakhalira. Agogo onse agona, panja kukuzizira, ana ako ali ku Ntcheu ndi agogo awo, ndipo chofunda chokhacho chimene chili pafupi ndi ketulo ndi chitini cha mabisiketi. Ndinkadya kuti usiku uthe. Zaka zitapita ndinafika makilo 128, pamwamba pake matenda a shuga, BP, ndi mawondo amene ankalira pa sitepe iliyonse. Koma zithunzi zanga zikafika kumudzi anthu ankakondwa. "Ulaya wamuyanja mwana wanu," ankatero kutchalitchi, mayi n'kumanyadira. Kwathu kunenepa ndi umboni wakuti uli pabwino, banja likukusamala, m'nyumba muli ufa.

Mu 2018 ndinachitidwa opaleshoni yotchedwa bypass kudzera ku NHS, zipatala za boma za kuno, nditaonana kaye ndi akatswiri a zakudya ndi a maganizo kwa miyezi yambiri. Yanga ikusiyana pang'ono ndi yanu. Inu anakuchotsani pafupifupi 80 peresenti ya chifu, chotsala n'kukhala chachitali chopapatiza ngati nthochi. Ine anandisiyira kathumba kofanana ndi dzira n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, chakudya n'kumalambalala chifu chotsalacho. Masabata oyamba zamadzimadzi zokhazokha, kenaka zofewa ngati za khanda. Mwezi wachinayi tsitsi linayamba kutsalira mu chipeso, ndipo ndinalira ngakhale anali atandichenjeza kuti zimatero ndipo limameranso. Koma mankhwala a shuga anandisiyitsa pasanathe miyezi iwiri, ndipo patatha miyezi 16 sikelo inaonetsa 79. Ndinakwera masitepe a kuntchito osapumira pakati.

Kumudzi sindinauze munthu. Ndikanayamba bwanji? Mayi anga m'njala ya 2002 ankadya madeya kuti adzukulu awo apeze phala. Ndiwauze kuti ndalola kudulidwa chifu chifukwa chakudya chandichulukira?

Ndiye mu Disembala 2019 ndinapita kwathu. Galimoto itaima pabwalo, mayi anatuluka akululutira, koma atandiona bwinobwino nthungululu inathera pakhosi. Anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira. Ine ndinabwera ndili wonyadira thupi langa latsopano, iwo anaona maliro. Sindiwadzudzula. Aliyense amene anali wamkulu m'zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, amadziwa tanthauzo la mwana wobwera kuchokera kutali ataonda, khungu likulendewera m'mikono, tsitsi lapyapyala. Mayi anasambitsa mitembo yambiri yotere, ina ya ana a abale awo. Madzulo azakhali anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, mankhwala ukumwa mwandondomeko? Masiku ano si nkhani, anthu akukhala nako bwinobwino." Ananena mwachikondi, ndipo ananena zoona, chifukwa anzanga angapo akukhaladi nako bwinobwino. Apo ndi pamene ndinayenera kutsegula pakamwa. Ndinangoti ndili bwino.

Anapha nkhuku. Anaphika nsima ya ufa woyera, mitanda itatu m'mbale yanga ndekha. Ndinadya mbamu ziwiri, yachitatu inaima pachifuwa ngati mwala, malovu n'kudzaza m'kamwa. Nsima ndi chimodzi mwa zakudya zovuta kwambiri kwa ife, pamodzi ndi buledi wofewa ndi mpunga, chifukwa imagwirana n'kutseka kanjira kochepako. Ndinasamba m'manja anthu onse akundiyang'ana. Tsiku lachitatu, kwa amalume, anandigulira Fanta yozizira kugolosale, ndipo mlendo sakana chimene munthu wosauka wakugulira ndi ndalama yake. Ndinamwa theka. Patangotha mphindi 20 mtima unayamba kuthamanga, thukuta kamukamu, chizungulire, m'mimba kupota, mpaka anandigoneka pamphasa. Madokotala amati dumping: shuga akalowa m'matumbo mofulumira amakoka madzi ambiri kuchokera m'magazi. Imavuta kwambiri a bypass, koma a sleeve ena imawagwiranso. Kwa amene ankandiona tsiku limenelo, mphekesera inali itatsimikizika.

Ndinabwerera kuno mtima uli wosweka, ndipo pang'onopang'ono ndinapeza chimene aliyense wa ife amapeza: pali zakudya zimene sizikumana ndi mlonda pachipata. Nyama ya nkhuku imakhutitsa ndi tizidutswa tinayi. Koma bisiketi yonyika mu tiyi imasungunuka. Makirisipi amasungunuka. Chokoleti, kachidutswa kamodzi pa theka la ola lililonse, sichidzutsa dumping. Ukhoza kudya chonchi usiku wonse osamva kukhuta ngakhale kamodzi. Adokotala anadula chifu, koma 3 koloko ija inali pomwepo, ikundidikira ndi ketulo yake. Kenaka kunabwera Covid, agogo amene ndinawasamalira zaka zambiri anayamba kumwalira motsatizana, ndipo makilo 11 anabwerera. Kalata yoyamba yondiitana kukayezedwa magazi ndinaiika m'dirowa. Yachiwiri chimodzimodzi. Jakisoni wa vitamini B12, amene kuno timabayidwa miyezi itatu iliyonse, ndinamusiya, chifukwa namwino amene amabaya ndi yemweyo amene amakuuza kuti kwera sikelo. Mapiritsi a mavitamini atatha sindinagulenso. Ndinkamva bwino, ndiye ndinkati palibe vuto.

Chimene chimapusitsa ndi chimenecho. Kuti B12 ilowe m'thupi pamafunika asidi ndi timadzi tina timene chifu chimapanga, ndipo ife tonse, a bypass ndi a sleeve, tili nazo zochepa. Koma chiwindi chimasunga B12 yokwanira zaka zingapo, choncho ukasiya lero suona kanthu mawa. Nkhokwe imatha mwakachetechete. Ine zinayamba ndi dzanzi kumapazi, ngati ndaponda nyerere. Kenaka lilime kuwawa, kuiwala mayina a anthu amene ndimagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku, wefuwefu pa masitepe omwe aja. Tsiku lina ndinagwa ndi thireyi m'manja chifukwa phazi silinamve pomwe sitepe yathera. Atandiyeza anapeza B12 ndi ayironi zili pansi kwambiri. Anandibaya majakisoni motsatizana kwa masabata angapo, zambiri zinabwerera m'malo, koma mitsempha ikawonongeka nthawi yaitali siichira yonse. Ndipo adokotala amene ndinkawathawa zaka ziwiri aja, za makilo 11 anangoti, "Zimenezi timaziona tsiku lililonse." Ndinathawa mlandu umene panalibe wondiimba.

Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa nkhaniyi imandipweteka. Manyazi amenewa sitibadwa nawo. Amatipatsa ndi anthu amene amati opaleshoni ndi njira yachidule ya aulesi, akuti mukanangotseka pakamwa n'kumathamanga. Amene amalankhula chonchi sanakhalepo ndi kapu ya madzi akuwerenga mphindi kuti amwe liti, sanasanzepo paukwati wa mwana wa m'bale wawo chifukwa cha nyama imodzi yosatafunidwa bwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi la munthu wonenepa kwambiri limalimbana ndi kuonda ndi mphamvu zake zonse: ukatsika makilo limachepetsa mphamvu zimene limagwiritsa ntchito n'kuwonjezera njala. Pali timadzi totchedwa ghrelin, timene asayansi a ku Japan anatulukira mu 1999, timene timauza ubongo kuti uli ndi njala, ndipo tambiri timapangidwa m'chigawo cha chifu chimene inu anakuchotsani. N'chifukwa chake chaka choyamba munkaiwala kudya. Njala ikayamba kubwerera m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, si khalidwe lanu lasintha, ndi thupi likuzolowera. Kunenepa kotere ndi matenda okhalitsa ngati BP. Palibe amene amachita manyazi kubwerera kuchipatala BP ikakweranso.

Ndipo ndili ndi mawu ndi aja amatsatsa maopaleshoni pa Facebook ndi pa TikTok, ndege, hotelo ndi mpeni pamtengo umodzi, ambiri a ku Turkey. Sindikunena kuti madokotala a kumeneko sadziwa ntchito. Ndikunena kuti munthu akakugulitsa tsiku la opaleshoni lokha osakuuza amene adzakuyeze magazi chaka chachisanu, wakugulitsa denga lopanda zipupa. Chimodzimodzi ogulitsa tiyi woondetsa m'magulu a WhatsApp. Ambiri mwa matiyi amenewa ndi otsegula m'mimba basi, ndipo kwa munthu amene kale amavutika kumwa madzi okwanira ndi zoopsa. Achemwali athu amene ayamba majakisoni ochepetsa thupi a Wegovy kapena Mounjaro akukumananso ndi chitonzo chomwecho cha njira yachidule, ndipo akubisala chimodzimodzi, akugula m'makona m'malo mopita kwa dokotala.

Nanga chifucho chatanuka?

Pang'ono, inde, ndipo ndi mmene chimayenera kukhalira. Palibe amene amadya masupuni atatu moyo wake wonse. Ngati chatanuka mopitirira, angakuuzeni ndi adokotala okha ataunika ndi kamera kapena X-ray, osati ine kapena gulu la pa intaneti. Koma za kubwerera kwa makilo, ku Sweden kuli kafukufuku amene anayamba mu 1987, wotsatira anthu pafupifupi 2,000 ochitidwa maopaleshoni otere kwa zaka zambiri. Anapeza kuti anthu amatsika kwambiri m'chaka choyamba kapena chachiwiri, kenaka amakwerako. A bypass anatsika pafupifupi 32 peresenti ya kulemera kwawo, koma patatha zaka 10 anali pa 25 peresenti. Ngakhale zinali choncho, imfa pakati pawo zinali zochepa poyerekeza ndi anzawo amene sanachitidwe opaleshoni. Inu munatsika 41, abwerera 9. Makilo 32 sakupondanso mawondo anu. Ndalama zanu sizinapite m'madzi.

Zoti muchite si zambiri. Imbani foni kuchipatala sabata ino, mupemphe kuyezedwa magazi: B12, ayironi, folate, vitamini D, kashiamu ndi shuga. Ngati munasiya mavitamini, yambiraninso. Pa mbale yambani ndi ndiwo zomanga thupi, kuti mupeze magalamu 60 a puloteni patsiku kapena kuposa. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, ndipo usipa, matemba, nsomba za m'chitini, nyemba ndi chambiko, amene kumeneko amati amasi, zonse zikuthandizani. Kenaka masamba, nsima pomalizira ngati malo atsala. Idyani katatu mutakhala pansi, osati kutolatola tsiku lonse. Madzi lita imodzi ndi theka, koma osamwera chakudya, dikirani mphindi 30. Zakumwa za gasi ayi. Mowa samalani nawo kwambiri, umalowa m'magazi mwachangu kuposa kale ndipo ena wawagwira ukapolo pambuyo pa opaleshoni. Mankhwala opha ululu a Brufen ndi diclofenac musamwe musanafunse adokotala, zimayambitsa zilonda m'chifu. Ngati mukusanza masiku angapo motsatizana, kapena kutentha pamtima sikukutha, kapena mapazi achita dzanzi, musadikire tsiku limene akupatsani. Ndipo lembani kwa masiku atatu osati chimene mwadya chokha, komanso nthawi yake ndi chimene chinali mumtima. Mupeza 3 koloko yanu. Yanga ndinathana nayo posiya ntchito ya usiku, ngakhale malipiro anatsika, ndi poyenda wapansi kuchokera kuntchito ndi mnzanga wa ku Chipata amene timalankhula naye chinenero chimodzi njira yonse.

Mayi ndinawauza zoona nditagwa pa masitepe paja. Ndinaimba foni ya kanema, ndinakweza bulauzi n'kuwaonetsa tizipsera tisanu ta pamimba. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikukulira uli moyo. Bwanji sunandiuze?" Ndinalibe yankho. Sanamvetse zonse, ndipo mpaka lero amaona kuti madokotala a kuno anandilakwira. Koma nditapitanso chaka chatha, anandiphikira usipa wotendera ndi nkhwani, nsima kamtanda kamodzi kakang'ono m'mbale ya mwana, ndipo mlendo wina atayamba kufunsa chifukwa chake sindikudya, anamuyankha okha kuti, "Musiyeni, chifu chake n'chaching'ono, anachita kumukonza kuchipatala." Mchemwali wanga wamng'ono anawalembera pa kalendala ya kutchalitchi miyezi ya jakisoni wanga. Mwezi ukakwana, foni imalira m'mawa, ndipo asanafunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji amati, "Wabayitsa?"

Achemwali, mukaimba foni ija mundilembere, mundiuze tsiku limene akupatsani.