Za shoo ya ku Dedza ija, musagwire maiki musanalandire ndalama

Achimwene, mwafunsa za shoo ya ku Dedza yomwe akuitanani kukachita nthabwala mutaima nokha pasiteji, inu wozolowera masewero. Mawu akuti "tidzagawana za pageti", ndalama zomwe anthu amalipira polowa, aliza anyamata ambiri a zisudzo kuno. Musavomere. Pulomota, wokonza shooyo, akutumizireni theka pa Airtel Money kapena Mpamba musananyamuke ku Ntcheu, theka linalo mulandire m'manja musanakwere siteji. Zomwe mwagwirizana zilembedwe ngakhale pa WhatsApp pomwepo: ndalama zingati, mphindi zingati, thiransipoti ndi pogona alipira ndani.

Za pageti zimayenda chonchi. Holo yadzaza, mwaona ndi maso anu. Shoo ikatha akuti tiyambe tachotsa ya holo, ya zokuzira mawu, mafuta a jenereta, maposita, alonda, bandi. Kenaka akuti ambiri aja analowa ulere, ndi abale a mwini holo. Pageti anaikapo mlamu wake, matikiti alibe manambala, mutsutsa ndi chiyani? Mukamasintha zovala, mkulu uja wapita "kukasinthitsa ndalama", foni wazimitsa. Nthawi ili cha m'ma 11 usiku, mwezi wa Juni, chisanu cha ku Dedza mukuchidziwa, maminibasi anatha kale pa msewu wa M1, m'thumba mulibe ngakhale ya chipinda. M'mawa mwake vidiyo yanu ili pa tsamba lake la Facebook, dzina lanu osalembapo. Anthu amenewa ndi akuba! Amadziwa kuti wanthabwala sakadandaula kulikonse poopa kuti sadzamuitananso. Woimba amamupatsa ulemu, koma ife amationa ngati otseka mpata pomwe a bandi akulumikiza mawaya.

Ngati mwakakamizika za pageti, ikanipo munthu wanu ndi kope, matikiti akhale a manambala, ndipo muwerengere limodzi shoo ili pakati, isanathe.

Pasiteji napo musadalire kuti mumachita bwino m'masewero. M'sewero mukaiwala mawu mnzanu amakutolani. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, ankaponyerana, wina akagwa wina amadzutsa. Mukaima nokha palibe wokudzutsani. Konzani mphindi 10 zolimba, osati 30 zamadzimadzi. Nthabwala yachidule yomwe simuikayikira ikhale yoyamba kuti anthu aseke mphindi yoyamba isanathe, yamphamvu kwambiri muisungire kumapeto. Chizolowezi cha m'masewero chofotokoza nkhani motalika chimapha, anthu amayamba kuyang'ana m'mafoni. Anthu akamaseka dikirani, musalankhule pamwamba pa phwete. Pemphani kukwera bandi isanayambe, chifukwa mowa ukalowa m'mutu anthu amangofuna kuvina. Tengani mabatire anu atsopano a maiki yopanda waya, ndipo pakhale ina ya waya pambali. Za gule wamkulu ndi za mafumu zisiyeni, ku Dedza kuseka kumathera pomwepo.

Masewero musawasiye ayi. Ndiwo amakupatsani nkhope yomwe anthu amaikumbukira. A Michael Usi dziko linawadziwa ngati Manganya kudzera m'masewero, mpaka anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024. Daliso Chaponda, wanthabwala wa ku Malawi, anafika pa nambala 3 mu mpikisano wa pa TV wa Britain's Got Talent mu 2017 ataima yekha ndi maiki. Njira zonse ziwiri zimayenda. Chovuta ndi Loweruka, pomwe kujambula filimu, ukwati wofuna MC ndi shoo zimagwera tsiku limodzi. Amene wayamba kulipira ndiye mwini tsikulo.

Koma akakana kupereka theka lija, pitanibe achimwene. Wongoyamba kumene amafunika siteji, nthabwala sizipsa muli m'nyumba. Nyamulani ndalama yanu yobwerera ndi ya chipinda, jekete lochindikala, ndi mnzanu woti akujambuleni ndi foni yanu ataima pafupi ndi sipika kuti mawu amveke bwino. Vidiyoyo muilembe dzina lanu ndipo muiike pa tsamba lanu usiku womwewo, iye asanaike yake.