Hilux ya dizilo ikuvuta kulira m'mawa ndipo ikuzima pa chitunda: kodi pampu yathadi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Chinamwali, ndipo popeza vuto lawo likusautsa anthu ambiri amene ali ndi galimoto zakale za dizilo muno mu Zomba, ndaona kuti ndiwayankhire pano. Bambowa ali ndi Toyota Hilux ya injini ya 3L imene amanyamulira mpunga ndi nsomba kuchokera ku Kachulu. Akuti kwa mwezi tsopano galimotoyo imavuta kulira m'mawa, ikalira imanjenjemera kaye kenako n'kukhazikika, koma ikafika pa chitunda itasenza katundu imafooka, ndipo yazimapo kawiri konse. Makaniko wina wawauza kuti injector pump, pampu imene imakankhira dizilo mu injini, yatha ndipo agule ina. Kumapeto kwa kalatayo anatchula mongodutsa kuti pa nthawi imene mafuta ankasowa anagulapo dizilo wa m'zigubu kangapo. Akufunsa ngati pali zimene angayese okha pakhomo asanatulutse ndalama.

Bambo, zilipo, ndipo pampu musagule kaye. Zizindikiro zimene mwafotokozazi zikuloza kwambiri ku mpweya kapena zonyansa zimene zili m'njira ya mafuta pakati pa thanki ndi pampu, ndipo chigawo chimenecho munthu wodekha angathe kuchifufuza ndi masipanala ochepa, botolo loyera ndi kapayipi koonekera mkati.

Kuti mayeso amene ndikupatseni akhale ndi tanthauzo, mufunika kumvetsa mfundo imodzi. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Ya 3L yanuyo imapanikiza mpweya m'silinda kuwirikiza ka 20 kapena kuposa mpaka utatentha kwambiri, ndipo injector ikapoperamo dizilo, diziloyo amayaka yekha. Koma injector simatseguka pokhapokha mafuta atakankhidwa ndi mphamvu yoposa ma bar 100 (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha). Dizilo sapanikizika, choncho pampu ikamukankha mphamvu yonse imafika ku injector, pamene mpweya umapanikizika ngati siponji, ndipo kathovu kakang'ono kakalowa m'payipi kamameza mphamvu ija. Chinanso n'chakuti Hilux yanuyo ilibe pampu ya magetsi m'thanki. Injector pump ndi imene imayamwa yokha dizilo kuchokera kumbuyo kudzera mu fyuluta. Payipi yoyamwa ikang'ambika pang'ono kawirikawiri simadontha, imangolowetsa mpweya, n'chifukwa chake mungagone pansi pa galimoto tsiku lonse osaona dontho ngakhale limodzi, chikhalirecho vuto lili pomwepo. Galimoto ikagona usiku, mpweya umalowa pang'onopang'ono ndipo dizilo amatsetsereka kubwerera ku thanki, makamaka ngati mwaimika mutu uli kumtunda, monga timachitira ambiri m'makomo athu otsetserekawa.

Yeso loyamba ndi la m'mawa, musanakhudze kiyi. Tsegulani boneti, pezani fyuluta ya dizilo, ndipo pamwamba pake muona kapampu kodinikiza ndi dzanja. Kadinikizeni. Ngati kali kofewa ndipo kakulimba pokhapokha mutapopa kambirimbiri, kenako galimoto n'kulira msanga, mwaugwira mpweya m'manja. Ngati kali kolimba kale koma galimoto ikuvutabe, ndiye kuti vuto la m'mawalo lingakhale kwina, monga ma heater plug (timapulagi totenthetsa m'kati mwa injini isanalire) akufa kapena batire lofooka limene silikuzunguza injini mwaliwiro lokwanira. Zimenezi zimaonekera kwambiri mu June ndi July pamene chisanu chotsika m'phiri chalimba, koma dziwani kuti ma heater plug sangachititse galimoto yotentha kale kuzima pa chitunda.

Mukatero, onani madzi. Pansi pa fyuluta pali kotsekera ka pulasitiki kamene kamamasuka ndi dzanja. Ikani botolo la galasi loyera pansi pake, masulani pang'ono, popani kapampu kaja mpaka mutadzaza theka la botolo, ndipo mulisiye likhazikike kwa mphindi zingapo. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi ndipo malire ake amaoneka bwinobwino. Mukaona timizere takuda toterera ngati ndere, timeneto ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswana pamalire a madzi ndi dizilo m'thanki, ndipo timatseka fyuluta msanga. Mukaona zofiirira, ndi dzimbiri. Pa dashibodi pamayenera kuyaka nyali yochenjeza za madzi, koma m'galimoto zambiri za msinkhu umenewu waya wake unaduka kalekale, choncho musaidalire.

Ineyo ndingasinthe fyuluta posatengera zimene zatuluka m'botolo, chifukwa mbiri ya dizilo wa m'zigubu ndi yokwanira. Fyuluta yotsekeka imalola mafuta ochepa amene amakwanira injini ikamangolira galimoto itaima, koma pa chitunda, pamene injini ikufuna mafuta ambiri, imaimana, ndipo zimenezi zikufanana ndendende ndi zimene mwalemba. Posintha, sunthirani kachipangizo ka pansi kokhala ndi kotsekera kaja pa fyuluta yatsopano pamodzi ndi kamphira katsopano, pakani dizilo pang'ono pa mphira wa pamwamba, ndipo mumange ndi manja okha. Musaithiriretu dizilo wa m'chigubu monga amachitira ena pofuna kufulumira, chifukwa ena mwa mafutawo amadutsa osasefedwa kupita ku pampu. Popani ndi kapampu mpaka kalimbe. Fyuluta yakaleyo musaitaye msanga: khuthulirani zam'kati mwake m'mbale yoyera n'kuziyang'ana padzuwa, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Ngati mpweya ukubwererabe, muyenera kupeza polowera pake, ndipo apa ndi pofunika kuleza mtima. Chotsani payipi ya raba yochokera pa fyuluta kupita ku pampu, ikanipo kwa kanthawi kapayipi koonekera mkati ka kukula kofanana, lizani injini n'kuponda moto pang'ono. Mukaona thovu likuyenda mosalekeza, sunthani kapayipiko mukaike mbali yolowera mu fyuluta. Thovu likakhala kuti kumeneko kulibe, wolakwa ndi mutu wa fyuluta, chifukwa mphira wa m'kati mwa kapampu kodinikiza kaja umauma n'kung'ambika ndi ukalamba, ndipo mutuwo umagulitsidwa pawokha pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi pampu. Likapezekanso kumeneko, tsatirani payipi chakumbuyo mpaka ku thanki, mukuyang'ana raba yosweka m'mapeto, zomangira zomasuka ndi payipi yachitsulo yodyeka ndi dzimbiri pamene yakhudzana ndi chasisi. Musaiwale timapayipi tobweza mafuta otsala kuchokera ku ma injector, popeza natonso tikasweka timalowetsa mpweya usiku.

Ndinene pano kuti zaka zingapo zapitazo ndinalipira ndalama zambiri pa galaja ina kuti andikonzere pampu, ndipo m'mawa mwake galimoto inakana kulira monga kale. Chinali chidutswa cha payipi ya raba chachifupi ngati chala, chobisika pamwamba pa thanki.

Pali yeso lina limene limathetsa mkangano wonse. Tengani chigubu choyera chokhala ndi malita 5 a dizilo wogula pamalo omwetsera mafuta, lumikizani payipi kuchokera m'chigubumo kupita polowera mu fyuluta, ndipo payipi yobweza mafuta muilozetsenso m'chigubu momwemo, apo ayi dizilo yense athawira ku thanki m'kanthawi kochepa. Injini ikalira bwino ndi kulandira moto mosazengereza, ndiponso m'mawa mwake n'kulira msanga, pampu yanu ilibe mlandu. Zikatero tsitsani thanki, muitsuke, ndipo muone kasefa kamene kamakhala kumapeto kwa payipi yoyamwira. Zinyalala zimamatirira pamenepo injini ikamakoka kwambiri, galimoto n'kuzima, ndipo mukaima kwa mphindi zochepa zimagwa, galimoto n'kuliranso ngati palibe chachitika. Onaninso ngati mpweya ukutha kulowa m'thanki pamene mafuta akuchepa: galimoto ikangofooka, imani pambali mutsegule chotsekera, ndipo mukamva kuyamwa kwamphamvu kenako mphamvu n'kubwerera, polowera mpweya ndi potsekeka.

Nthawi zina mukatha ntchito zimenezi injini imakana kulira chifukwa mpweya wafika m'mapayipi achitsulo opita ku ma injector. Apa ndi pamene amakaniko amati kubulida. Masulani manati a mapayipiwo pamwamba pa ma injector awiri kapena onse, theka la kuzungulira kokha, wina azunguze injini kwa masekondi 10 mpaka 15 n'kupumitsa sitata, ndipo dizilo akayamba kutuluka wopanda thovu mangani manatiwo. Manja ndi nkhope zikhale kutali, chifukwa dizilo wothamanga chotero amaboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale lioneke laling'ono, ndi lothamangira nalo ku Zomba Central Hospital nthawi yomweyo. Owerenga amene muli ndi Hilux za D-4D, za injini ya 1KD kapena 2KD, njira imeneyi si yanu. Injini zimenezi, zotchedwa common rail, zimasunga mafuta pa mphamvu yoposa ma bar 1,000, ndipo mapayipi ake samasulidwa injini ikuzungulira. Inu malire anu ndi fyuluta, madzi ndi mapayipi a raba.

Zing'onozing'ono ziwiri musazilumphe. Pa pampu pali solenoid (kachipangizo ka magetsi) yotsegula mafuta imene imamveka kuti "tiki" mukatsegula kiyi, ndipo waya wake akamasuka galimoto imazima mwadzidzidzi ngati wina wazimitsa dala, osati mofooka pang'onopang'ono. Komanso ngati pa chitunda ikutulutsa utsi wakuda wambiri, vuto si kuchepa kwa mafuta koma kwa mpweya wopumira, choncho onani fyuluta ya mpweya, imene fumbi la msewu wa ku Kachulu limaidzaza msanga m'chilimwe.

Tsopano tibwerere ku mbale yoyera ija, chifukwa makaniko wanu angakhale kuti sananame. Pampu ya mtundu umene uli pa 3L ilibe oyilo wakewake, imatereretsedwa ndi dizilo yemwe akudutsamo. Dizilo wosakaniza ndi palafini ndi wouma, ndipo wa madzi amachititsa dzimbiri, choncho zonse ziwiri zimadya zitsulo zam'kati zimene zinasulidwa mothinana kwambiri. Zonyansa zimene zatuluka mu fyuluta zikakhala ndi timadontho tonyezimira ngati ufa wa chitsulo, kapena galimoto ikamalira bwino ili yozizira koma n'kumakana ikatentha, kapena ikamafookabe ngakhale pa chigubu choyera ndi fyuluta yatsopano, pamenepo pampu ndi yokayikitsadi. Musaitsegule pakhomo, ndipo musakhudze zomangira zosinthira kuchuluka kwa mafuta, chifukwa mukaziphonya injini ingathamange mopitirira muyeso n'kuwonongeka. Pitani nayo pamodzi ndi ma injector onse anayi kwa amene ali ndi makina oyezera mapampu, ngakhale zitafuna ulendo wa ku Blantyre, ndipo muwapemphe aiyeze inu mukuona asanakambe za mtengo, popeza pampu zambiri zimakonzeka posintha zam'kati m'malo mogula ina.

Yambani ndi kapampu kodinikiza mawa m'mawa galimoto isanalire, ndipo mundilembere kuti munapopa kangati kasanalimbe ndiponso chimene chinakhazikika pansi pa botolo.