Funsani Alangizi: Kachewere akufota ku Tsangano, nditumize mbewu ya ku Joni?

Funso: Ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg ndipo chaka chilichonse ndimatumiza ndalama kwa mng'ono wanga ku Tsangano kuti alime ekala imodzi ya mbatata ya kachewere. Zaka ziwiri zotsatizana mbewu yafota isanakhwime, chonsecho feteleza ndi mankhwala amagula. Kumsika wa ku City Deep ndimaona mbatata zikuluzikulu zosalala. Kodi ndigule matumba angapo ndikweze basi ku Park Station kuti akabzale? Wowerenga wa ku Turffontein.

Yankho: Bambo, ndalama yanuyo isungeni. Mbatata ya ku City Deep ndi yodya, si mbewu. Ina imathiridwa mankhwala oletsa kumera, ndipo ngakhale yooneka bwino ikhoza kubisa matenda m'kati. Komanso mbewu siiloledwa kulowa m'Malawi popanda chilolezo ndi chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda, choncho pachipata cha Mwanza kapena Dedza akhoza kuilanda.

Choyamba ang'ono anu adziwe chimene chikupha mbewuyo, chifukwa kumapiri a Ntcheu ndi Dedza kuli adani awiri amene alimi amawasokoneza. Chiwawu chimabwera nyengo ya mvula yamvumbi ndi nkhungu. Masamba amachita mawanga akuda ngati awauka ndi moto, ndipo m'mawa kunsi kwa tsamba kumaoneka nguwi yoyera. Munda wonse ukhoza kupsa m'sabata imodzi. Getsi ndi wosiyana: phando limodzi limafota masana masamba ali obiriwira, kenako oyandikana nawo amatsatira. Adule tsinde pafupi ndi nthaka, aviike kodulidwako m'tambula ya galasi ya madzi oyera osagwedeza. Pakatsika timizere toyera ngati mkaka pakangopita mphindi zochepa, ameneyo ndi getsi. Mbatata yake ukaidula umapeza mzere wofiirira wozungulira wotuluka mafinya.

Mwanena kuti amapopera koma mbewu imafotabe, ndiye tikukayikira getsi, ndipo getsi alibe mankhwala opopera. Amayenda ndi mbewu, dothi la pakhasu ndi madzi othamanga. Phando lodwala alizule pamodzi ndi dothi lake, akalikwirire kutali ndi munda. Mundawo upume ku kachewere zaka zosachepera 4, mulowe chimanga kapena tirigu. Tomato, fodya, tsabola ndi mabiringanya ayi, ndi banja limodzi ndi kachewere. Mbatata zomera zokha m'chimangamo azizizula, apo ayi kasinthasinthayo ndi wachabe. Ambiri amagwa apa, amazisiya kuti adzakumbe za ndiwo.

Likakhala vuto la chiwawu, cholakwika chimakhala kuchedwa. Mankhwala opopera a Dithane M-45 amateteza, sachiza. Ayambe kupopera mbewu ikangofika masentimita 10 mpaka 15, azibwereza pa masiku 7 mpaka 10 alionse, ndipo mvula ikatsuka abwerezenso, osaiwala kunsi kwa masamba. Ridomil Gold ndi wa pamene matenda angoyamba kuoneka, koma asapitirire katatu pa nyengo imodzi chifukwa matendawa amazolowera. Mlingo atsatire wolembedwa papaketi.

Ndalama imene mukanalipira basi ipite ku mbewu yabwino ya kwathu komweko. Afunse alangizi a m'dera lawo kapena kumalo a kafukufuku a Bembeke za alimi ochulukitsa mbewu monga Chuma, Zikomo ndi Thandizo. Timbatata totsalira pamsika wa Lizulu ndi totchipa, koma nthawi zambiri tidachepa chifukwa cha matenda. Mbewu ikhale yaikulu ngati dzira la nkhuku, yophuka timphukira tifupitifupi tolimba, ndipo asaidule ndi mpeni. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 30. Pamenepo ekala imalowa mapando pafupifupi 18,000, kutanthauza matumba 18 a makilogalamu 50. Ngati ndalama zanu sizikwanira, kuli bwino theka la ekala la mbewu yoyera pamunda watsopano.

Pobzala athire feteleza wa D Compound, kenako wa CAN pobandira koyamba. Kubandira kukhale kokwanira kuti mbatata isaonekere, chifukwa ya padzuwa imabiriwira ndipo njenjete zimaiboola. Kutatsala masabata 2 kuti akumbe, adule mitengo yonse kuti khungu likhwime, lisasupuke m'thumba popita kumsika. Muwauze akutumizireni chithunzi cha tambula ija pa WhatsApp musanatumize ndalama ya chaka chino.