Ana anamaliza katemera, nanga bambo awo adwala bwanji matenda oumitsa khosi?

Mayi wina wandilembera imelo. Achimwene awo agonekedwa m'chipatala ndi matenda oumitsa khosi, chonsecho ana onse pakhomopo anamaliza katemera kusikelo. Mayiwo anamva kuti katemera wa ana amateteza ndi makolo omwe, ndiye akufunsa ngati ananamizidwa.

Sanakunamizeni mayi, koma sanakuuzeni zonse.

Bakiteriya amene amadwalitsa akuluakulu ambiri matendawa kuno kwathu ndi pneumococcus, yemwe uja wa chibayo. Amakhala phee m'mphuno mwa ana aang'ono, nthawi zambiri osawadwalitsa n'komwe. Mwana wa mamina uja mumamupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kugona naye pamphasa imodzi, ndiye amakupatsirani. Katemera wa ana wolimbana ndi pneumococcus, wotchedwa PCV, amachepetsa tizilomboti m'mphuno mwa mwanayo, kotero akulu a m'nyumbamo nawonso amapumako. Ku America anayamba kubaya makanda mu 2000, ndipo patangotha zaka zochepa matenda a mitundu ya pneumococcus imene ili m'katemerayo anatsika ngakhale kwa agogo omwe sanabayidwepo.

Ku Malawi katemerayu, wotchedwa PCV13, anayamba mu Novembala 2011, ndipo mwana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anapeza kuti akulu nawonso apindulako. Koma anapezanso kuti ana ambiri obayidwa akadasungabe tizilombo tomwe tija m'mphuno, kuposa anzawo a kumayiko olemera. Ine sizindidabwitsa, poona mmene timagonera mothithikana ku Ndirande kapena ku Bangwe. Onjezani apo kuti katemerayu amalimbana ndi mitundu 13 yokha, pomwe pneumococcus ali ndi mitundu yoposa 90.

Chinanso, si kuuma khosi konse kumene kumachokera kwa bakiteriya ameneyu. Kwa munthu amene chitetezo chake chatsika ndi HIV, nthawi zambiri amakhala fangasi wotchedwa cryptococcus, apo ayi TB, ndipo PCV alibe nazo mphamvu zimenezi. Choncho funsani adokotala zomwe apeza m'madzi a pamsana. Ndikudziwa achibale ambiri amakaniza kutenga madziwa poti amapha, koma ndi amene amasonyeza mankhwala oyenera. Achimwenewo ayezetsenso magazi ngati sanayezetse posachedwa, ndipo ngati ali pa ma ARV muwauze adokotala ngati anadumphitsako.

Wina pakhomopo akamva mutu waukulu, thupi kutentha, khosi kukanika kuwerama kapena kuyamba kubwebweta, musamugulire Panado n'kudikira kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo.