Ku Makawa kuli mlambe umodzi wokha, slackline imangidwe pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Makawa, ku Mangochi. Akuti mnzawo wobwera ku Johannesburg anawasiyira slackline, lamba uja wa masentimita 5 m'lifupi amene anthu amakunga n'kumayendapo osagwira kanthu. Vuto n'lakuti pakhomo pawo pali mlambe umodzi basi, kwinako ndi mchenga mpaka kunyanja. Akufunsa kuti amange pa chipilala cha pakhonde kapena pa pholo la magetsi.

Achimwene, zonse ziwirizo ayi. Pholo la ESCOM musaliyandikire n'komwe. Za chipilala ndikunena zimene ndinaziona ndekha. Ndinamangapo kwathu, ndipo nditangopondapo phazi lachiwiri ndinamva kuti "thee", pulasitala n'kuyamba kuyoyoka. Mayi a kunyumba sanandilankhule mpaka mawa lake. Njerwa zimapirira katundu wozipsinja kuchokera pamwamba, koma kuzikoka cham'mbali zimagonja msanga, makamaka zomangira dothi. Lamba wokungidwa ndi ratchet, chitsulo cha mano chokungira lambayo, amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu mazana angapo, ndipo mukakwerapo imawonjezeka.

Mlambe wanuwo ndi mbali imodzi yotha kale. Lamba wobwera ndi slackline sangazungulire thunthu lotero, ndiye pezani wina wautali komanso wolimba. Pansi pake yalani ziguduli kuti khungwa lisasupuke.

Mbali inayo nthaka ndiyo igwire, monga nangula amagwirira boti. Kumbani dzenje lopingasa njira ya lambayo, lakuya mita imodzi. Pa dothi lolimba la kumtunda mukhoza kuchepetsako, koma pamchenga musachite ulesi. Gonekanimo chipika cha bulugama cha mita imodzi ndi theka, chonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, mutakulunga tcheni pakati pake. Ambiri amalakwitsa apa: amatulutsa tcheni choongoka m'mwamba, ndiye pokoka chimazula chipika ngati chinangwa. Kumbani kangalande kopendekera kuchokera pa chipika kulozera kumlambe, tcheni chigone mmenemo. Chikatero chipika chimakankha khoma lonse la mchenga umene simunaukhudze. Pokwirira musangothira ndi fosholo kamodzi. Thirani pang'ono, nyowetsani, sinjani ndi musi, kenako thiraninso.

Ine masiku ano ndimakonda kukwirira matayala akale a galimoto m'malo mwa chipika, chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa kupeza mtengo wokwiriridwa. Mukasankha mtengo, muziufukula nthawi ndi nthawi n'kuuona.

Nangulayo ntchito yake n'kugwira basi, kukweza lamba ndi ntchito ya china. Khomani matabwa awiri ochindikala ngati chilembo A, otalika masentimita 50, ndi thabwa lina pansi kuti miyendo isamire. Aimikeni mamita awiri kutsogolo kwa nangula, lamba adutse pamwamba pake. Mukawayandikizitsa kwambiri, tcheni chimayambanso kukokera m'mwamba.

Poyamba mamita 5 mpaka 8 akukwanirani, lamba afike m'maondo. Kugwa mugwa ndithu, koma pamchenga mudzangoseka.

Chimene ndimaopa ine ndi ratchet. N'chitsulo cholemera, ndipo china chikaduka chitsulocho chimauluka ngati mwala wa legeni. Chimangeni ndi chingwe china chapadera kumlambe kapena ku nangula, ndipo ana, amene adzadzaza pamalopo tsiku loyamba lomwelo, aime kumbali pamene mukukunga. Zikhomo zazifupi zokhomera tenti musaziyese.

Madzulo masulani lamba mulowetse m'nyumba. Dzuwa la Okutobala limafooketsa ulusi wake, ndipo mchenga ukalowa m'mano a ratchet imayamba kukana. Dzenjelo musakumbe m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Munaona nokha mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo, ndiye sunthirani kumtunda kumene mafunde a mwera safika.