Masiku asanu ku Highlands: yankho kwa achemwali a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds. Bambo awo, mphunzitsi wopuma pantchito, akubwera kudzacheza mu June, ndipo apempha chinthu chimodzi chokha: akaone mapiri a ku Scotland ndi kumene amatchezera wisiki. Achemwaliwa alemba kuti: "Ndili ndi masiku asanu okha. Ndasankha mafakitale asanu ndi atatu, ena ku Speyside, ena ku Skye ndi ku Islay. Kodi zitheka? Komanso ine sindilawa ngakhale dontho, ndiye sindikangotopa nazo?"

Achemwali, zikomo polemba, koma mndandanda wanuwo ung'ambeni. Siutheka, ndipo ngakhale utatheka, bambo angabwerere kumudzi akukumbukira mpando wa galimoto basi.

Mapu a Scotland amanamiza. Dziko limaoneka laling'ono, koma kumpoto ndi kumadzulo nyanja inalowerera m'mapiri ngati zala, ndiye msewu umachita kuzungulira. Malo ena msewu ndi wokwana galimoto imodzi yokha, wokhala ndi timalo topatukira. Mukakumana ndi mnzanu, amene ali pafupi ndi kamaloko amaima, winayo n'kudutsa akukweza dzanja. Onjezanipo nkhosa zogona pa tala, ndi alendo oyenda pang'onopang'ono pa zigalimoto zogonamo zija. Kuti mufike pachilumba cha Islay muyenera kuyenda kuchokera ku Glasgow mpaka padoko la Kennacraig, kenako maola pafupifupi awiri pa sitima yapamadzi, ndipo mphepo ikavuta sitimayo siyenda. Kupita ndi kubwera, masiku awiri atha. Skye ili kumpoto chakumadzulo, Speyside ili kumpoto chakum'mawa. Ine ndinayesapo dyera lomweli chaka changa choyamba kuno, ndipo ndinafika pafakitale ina atatseka kale geti, nditalipiriratu, njala ili tho.

Chachiwiri n'choti kapangidwe ka wisiki n'kamodzi kulikonse. Pafakitale yoyamba mumamvetsera pakamwa pali yasa. Yachiwiri mumayamba kuona kusiyana. Yachitatu mumatha kumalizira chiganizo cha wokuonetsaniyo. Choncho sankhani dera limodzi, mafakitale awiri, nthawi yotsalayo muipereke kwa mapiri.

Dera lake ndi Speyside, m'mbali mwa mtsinje wa Spey. Kumeneko kuli mafakitale pafupifupi 50 oyandikana, ndipo misewu yake ndi yabwinoko. Pezani malo ogona ku Dufftown, Aberlour kapena Craigellachie, mugone masiku awiri osasamuka. Ku Dufftown kuli Glenfiddich, imene William Grant anamanga ndi ana ake, ndipo mowa woyamba unadontha pa Khirisimasi ya 1887; mpaka lero ili m'manja mwa banja lomwelo. Ku Keith kuli Strathisla, ya mu 1786, yaing'ono, yokongola, yokhala ndi madenga osongoka aja mumaona pa zithunzi. Imodzi yaikulu, imodzi yaing'ono, zakwana. Lipiriranitu malo pa intaneti, ndipo funsani ngati akutcheza sabata imeneyo, chifukwa mafakitale ambiri amaimitsa ntchito kwa masabata angapo nyengo yotentha kuti akonze zipangizo.

Tsopano pa funso loti mukatopa nazo. Ngati munakulira kumudzi, kapena munadutsapo kuseri kwa nyumba kumene amayi ena ankatcheza kachasu, mukaseka nokha. Ntchito imayamba ndi chimera: amanyika barele m'madzi, amamusiya amere, n'kumuumitsa. Amagaya, amathira madzi otentha kuti atulutse kutsekemera, amaikamo yisiti, n'kusiya kuti zisase masiku awiri kapena kupitirira. Apa ndiye kuti apeza mowa wamba. Kenako amautcheza kawiri m'miphika ikuluikulu yamkuwa yokhala ndi makosi aatali. Nthunzi imakwera, imadutsa mumpope wozizira, n'kudontha. Chotulukacho n'choyera ngati madzi, fungo lake lobaya m'mphuno. Bambo akachinunkhiza akakuyang'anani, ndipo nonse mukadziwa chimene akuganiza.

Kusiyana kuli pawiri. Kwathu woyamba kudontha uja, mutu, ndi amene akatswiri amalimbirana. Kuno mutu saumwa, ndipo wakumapeto wosukuluka uja saumwanso. Amasunga wapakati yekha, enawo amabwezera mumphika kuti atchezedwenso. Kwina n'kudikira. Lamulo limati sangatchedwe Scotch ngati sanakhale mumgolo wa mtengo wa oak, m'dziko la Scotland momwemo, kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo mphamvu yake m'botolo isatsike pa 40 peresenti. Nambala mumaona pa botolo, 12 kapena 18, ndi zaka za wisiki wamng'ono kwambiri amene ali mmenemo. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya zomwe zili mumgolo zimauluka kudzera m'matabwa, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Mukalowa m'nyumba yosungiramo migolo, yamdima, yozizira, yonunkhira ngati zipatso zouma ndi dothi lonyowa, gawo la angelolo mukalipuma ndinu, wosamwa.

Mtundu wofiirira uja ndi kukoma kwambiri zimachokera ku mgolo. Migolo yambiri ndi yakale, inasungapo wisiki wa bourbon ku America kapena vinyo wa sherry ku Spain. N'chifukwa chake malo amene ndimatengerako mlendo aliyense si fakitale ya mowa ayi, ndi Speyside Cooperage ku Craigellachie, kumene amakonza migoloyo. Mumaima pamwamba n'kumayang'ana amisiri akuphwasula mgolo, kusintha thabwa lowola, kukhoma mikombero yachitsulo ndi nyundo, kuwaula m'kati ndi moto. Palibe guluu, palibe msomali, koma mgolo sudontha. Phokoso lake ndi logonthetsa m'khutu, liwiro lawo ndi lodabwitsa. Ine ndikhoza kuima pamenepo ola lathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti pa ulendo wonsewo bambo akakamba kwambiri za amisiri amenewa.

Poti bambo ndi mphunzitsi, mbiri ikawakomera. Dzina loti wisiki linachokera ku mawu a Chigaeliki, chilankhulo chakale cha kumapiriku, akuti uisge beatha, kutanthauza madzi a moyo. Cholembedwa chakale kwambiri chotchula za mowawu ku Scotland ndi cha mu 1494, m'mabuku a chuma cha mfumu, pomwe analemba za chimera chopatsidwa kwa m'monke wina dzina lake John Cor. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, chifukwa cha misonkho, alimi a m'mapiri ankatcheza mobisa m'zigwa, akuthawa okhometsa msonkho ngati mmene amayi a kachasu amathawira apolisi. Lamulo la mu 1823 linapeputsa chiphaso, ndipo mu 1824 George Smith wa ku Glenlivet anatenga chake. Anzake otcheza mobisa anakwiya mpaka kumuopseza kuti amuotchera fakitale, moti ankayenda ndi mfuti ziwiri zazing'ono. Botolo limene lero limakhala m'kabati ya galasi pabwalo la ndege linayambira kutchire.

Za kuyendetsa galimoto, kusamwa kwanuko ndi mwayi. Kuyambira mu December 2014 malire a mowa m'magazi a dalaivala ku Scotland ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi, pomwe ku England kumene mukukhalako ndi 80. Tikapu tolawitsa tija tikhoza kumudutsitsa munthu malire. Muuzeni wokuonetsani kuti ndinu dalaivala. Mafakitale ambiri amakuthirirani gawo lanu m'timabotolo kuti mutenge. Bambo akalandira kawiri, ndipo sindikuganiza kuti akadandaula. Muyezo umodzi kuno amati dram, ndipo pokweza kapu amati slàinte, kufunirana thanzi. Akawauza kuti adonthezeremo madzi pang'ono asaone ngati akuwapeputsa, eni ake amamwa choncho. Aiwale za Fanta.

Mukadzafuna ulendo wopanda galimoto, ziliponso: Blair Athol ku Pitlochry, Dalwhinnie, ndi Oban, onsewa mumachita kuyenda pansi kuchokera pasiteshoni ya sitima.

Mapiri tsono. Muwachenjezeretu bambo kuti asayembekezere Mulanje. Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse mu Britain, ndi mamita 1,345, pomwe Sapitwa ndi 3,002. Koma asalidelere. Limayambira pafupi ndi nyanja penipeni, pamwamba pake chipale chimatha kukhalapo mpaka mu June, ndipo nkhungu imatsika mosachenjeza, ngati chiperoni koma yozizira kufika m'mafupa. Si phiri lokwera ndi munthu wachikulire wovala nsapato za kutchalitchi. Lioneni muli m'munsi, ku Glen Nevis, pafupi ndi Fort William. Njira yake ikhale iyi: pochoka ku Speyside dzerani ku Inverness, tsikani ndi msewu wa A82 m'mbali mwa nyanja ya Loch Ness, mukagone ku Fort William, m'mawa mudutse m'chigwa cha Glencoe. Chilombo chimene amati chimakhala mu Loch Ness musachivutikire, jambulani chithunzi muzipita. Koma ku Glencoe imani, zimitsani injini, tulukani. Mapiri akuda amakupanani mbali zonse ziwiri, madzi akutsika m'matanthwe. Mu February 1692 asilikali a boma amene anthu a fuko la MacDonald anawalandira ndi kuwadyetsa kwa masiku angapo anadzuka mbandakucha n'kupha eni nyumba. Mpaka lero chimene anthu amanyansidwa nacho kwambiri si imfa yokha, koma kuti mlendo anapha womulandira, ndipo bambo sakafunika kuwamasulira chifukwa chake.

Akafunsanso, monga anafunsira amalume anga, kuti nanga anthu ali kuti, dziko lonseli lopanda mudzi? Midzi inalipo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi m'ma 1800 eni malo anasamutsa alimi ambiri kuti aikemo nkhosa, ena anakankhidwira kugombe, ena anakwera zombo kupita ku Canada ndi Australia. Mukayang'anitsitsa m'zigwa muona mabwinja a miyala. Bata limene alendo amalisirira lija linabwera ndi misozi.

June ndi mwezi wabwino chifukwa kumada mochedwa kwambiri. Ku Inverness 10 koloko usiku kumakhala kukuwalabe, ndipo bambo akakana kugona. Vuto lake ndi midges, touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma m'chigulu, makamaka kumadzulo, madzulo kukakhala kopanda mphepo. Malungo tilibe, koma timalowa m'tsitsi ndi m'makutu mpaka munthu wamkulu kuvina osafuna. Gulani mankhwala opaka musanafike ku Fort William. Jekete losalowa madzi ndi juzi zikhale m'galimoto tsiku lililonse, ngakhale kutacha ndi dzuwa.

Pogula botolo musathamange. Pafakitale mtengo sutsika kuposa m'sitolo. Chogulira pamenepo ndi botolo limene kwina silipezeka, kapena limene bambo adzaza okha kuchokera mumgolo n'kulembapo dzina lawo, poti mafakitale ena amalola. Ndipo asanagule la ku Islay, monga Laphroaig kapena Lagavulin, alawe kaye pa bala. Kumeneko chimera amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene amadula ngati njerwa n'kuumitsa kuti likhale nkhuni. Ena amakonda wisiki ameneyu kufa naye, ena amati akununkha chipatala. Inu anamwino mukaweruza bwino ndi mphuno yokha. A ku Speyside ambiri ndi ofatsa, okomera ku uchi ndi zipatso. Botolo lipite m'chikwama chachikulu chokwera pansi pa ndege, lokulungidwa m'majuzi.

Tsiku lomaliza, pobwerera ku Leeds, mudutsa pafupi ndi Glasgow. Patukani pang'ono mupite ku Blantyre wa kuno, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba ya ogwira ntchito pafakitale ya thonje imene banja lawo linkakhalamo, m'chipinda chimodzi, ilipobe ndipo ndi malo osungirako mbiri yake. Musawauziretu bambo. Ingoyendetsani mpaka chikwangwani cha dzinalo achiwerenge okha, ndipo mudzandilembere zimene adzanene.