Kuuma thupi pamaso pa kamera

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake zithunzi zanu zimatuluka ngati za pachiphaso, pomwe mukadziyang'ana pagalasi kunyumba mumaoneka bwinobwino. Ine ndimajambula anthu, ndipo vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri ndi mpweya. Kamera ikangoloza, munthu amasiya kupuma, mapewa amakwera mpaka m'makutu, nsagwada n'kuuma gwa. Muzitulutsa mpweya pang'onopang'ono pakamwa wojambula asanadine, mudzaona nkhope ikumasuka yokha.

Manja musawasiye akungolendewera. Apatseni chochita: gwirani m'mphepete mwa chitenje, konzani ndolo, sunthani tsitsi. Musaimenso njo ngati msilikali. Thupi lilemere pa mwendo wakumbuyo, ndipo muzisintha kaimidwe pang'ono nthawi iliyonse mukamva kamera yalira.

Kumwetulira kokakamiza kumagwidwa m'maso. Ganizirani munthu amene amakuseketsani, kapena pemphani wojambula aike nyimbo yomwe mumaikonda. Dzuwa likamakuthobwani m'maso, tsinzinani, wojambula awerenge mpaka 3, ndiye mutsegule. Komabe ine ndimakonda kujambula cha m'ma 4 koloko madzulo, chifukwa dzuwa la masana limasiya mithunzi yakuda pansi pa maso, ndipo imeneyo ngakhale phauda saibisa.